Tsiku Limene Tonse Tinatsika M'lole

Kwa a Haji Moncef, kunja kwa Sfax
8 Novembala

Wokondedwa Salha,

Mtendere ukhale nawe pamodzi ndi ana. Ine ndinafika bwino ndipo ndili wanyonga, kupatula msana umene ukundikumbutsa kuti unyamata unapita. Amayi ali bwanji ndi mawondo awo aja? Wided ndi Nizar uwapatse moni, ndipo Nizar umuuze aleke kukwera pakhoma la chitsime.

Usadandaule kuti ndikulemba m'malo moimba foni. M'chipinda muno tikugona amuna ambiri, ndipo ndikangoti "Salha" onse amatchera khutu ngati ndatsegula wailesi. Makalata ndizipatsira Fethi wa minibasi, yemweyo ndi amene azikubweretsera ndalama.

Azitona abereka chaka chino, nthambi zachita kuwerama. Gulu lathu ndi lomwe lija, ndipo mtsogoleri akadali azakhali a Hadda, amene ukalamba wawaonjezera mawu m'malo mowachepetsa. Amayi a m'gulu amayala malona pansi pa mtengo n'kumatola ndi kupeta, ife amuna timakwera makwerero. Ine ndili pamwamba monga kale, nyanga zanga za nkhosa nditazivala kuzala za m'manja, kupesa nthambi mpaka dzuwa kupendeka. Anyamata a masiku ano akugwiritsa ntchito zipeso zapulasitiki, akuti nyanga n'zachikale, koma ukanaona masamba amene akuyoyola ukanawamvera chisoni a Haji. Pamakwerero anga andipatsa mnzanga watsopano, Sekou wa ku Guinea. Mapepala ake onse ali m'malo, ndipo ntchito amagwira osayang'ana dzuwa. Chiarabu chake n'choseketsa, koma amamva zonse.

Tikugona m'nyumba ya a Haji ya kutauni, ndiye m'mawa uliwonse lole imatitenga kupita kumunda. Chaka chino aika apolisi pamphambano ya msewu wa kuchigayo cha mafuta, choncho timachedwako pang'ono. Si nkhani.

Mvula ikangogwa, alamu anga a Sassi afese barele kumunsi kuja, asadikire yachiwiri ngati chaka chatha. Nkhosa yamawanga usagulitse, ngakhale wogula abwere ndi mawu okoma bwanji. Ufa wa bsisa uja unandikazingira ndimamusakaniza ndi mafuta m'mawa, ndipo ndimamubisa pansi pa pilo chifukwa anthu a muno alibe manyazi.

Ndine mwamuna wako,
Marzoug

24 Novembala

Salha wanga,

Landira moni wanga. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti mvula yagwa. Inenso ndili bwino. Ndapatsira Fethi madinari mazana awiri. Uyambe ndi mankhwala a amayi, zina zibwere pambuyo. Shuga akusowa kunonso, ukamupeza usagule wochepa.

Wandifunsa kuti "si nkhani" ndiye kuti chiyani. Mkazi iwe, wapolisi ukanakhala ndiwe. Chabwino, tamva. Lole ikafika pamphambano paja amaiimitsa, wapolisi n'kusuzumira kumbuyo kumene tapanikizana tonse. Sayang'ana m'manja, sayang'ana m'matumba, amayang'ana nkhope. Chala chake chimadumpha anthu onse n'kudzaima pa ine ndi Sekou, anthu akuda awiri okha m'lole yonse. Timatsika, anzathu ali m'mwamba kutiyang'ana paliwombo.

Tsiku loyamba ndinamulonjera mnyamatayo mwaulemu. Anadabwa, n'kundifunsa kuti Chiarabu chabwino chotere ndinachiphunzira kuti. Ndinamuuza kuti ndinachiyamwa kwa amayi anga ku Medenine, m'dziko mommuno. Chitupa changa anachitembenuza uku ndi uku, kuchiunika padzuwa, kuchikanda ndi chikhadabo, kenaka n'kundibwezera ngati wandichitira chifundo. M'mawa mwake anali yemweyo, ndipo anachifunanso. Amatitchula kuti "a ku Afirika", kukhala ngati Sfax anaisamutsira ku Italy ife tili mtulo.

Nkhaniyi yatilowera mpaka m'mbale. Masana tikudya pansi pa mtengo ndinakangana ndi Ridha, mnzathu wa m'gulu amene mkulu wake ndi wapolisi kumpoto. Ridha si munthu woipa, koma pakamwa pake sipauma. Akuti apolisi akufuna anthu olowa m'dziko mozemba amene akudikira mabwato owolokera ku Italy, ndipo anthu amenewo ndi akuda, nanga afufuze azakhali a Hadda? Akuti munthu wopanda chobisa amangotulutsa chitupa basi, sipatuluka magazi. Ndinamufunsa kuti msuweni wake uja anawoloka pa bwato chaka chatha, amene pano akutsuka mbale ku Palermo, ndi wakhungu lanji. Ndinamufunsanso za eni mabwatowo. Anati zimenezo ndi zina.

Ndinapsa mtima, sindikubisa. Ndinati ine si mlendo, agogo a agogo anga agona m'nthaka yomwe ino, munthu asandiphatikize ndi obwera. Onse anavomera kuti ndanena zoona. Sekou yekha anangopitiriza kudya.

Wided asajombe kusukulu chifukwa cha kumunda. Ngati manja achepa, itana ana a alamu.

Wako,
Marzoug

12 Disembala

Salha,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Ukhululuke zilembo zokhotakhotazi, dzanja lamanja latupa pang'ono pamfundo. Khomo la galimoto ya apolisi n'lopapatiza, tingotero.

Ndikudziwa kuti Fethi anafika chimanjamanja sabata yatha. Lachiwiri lija pamphambano anati makina awo oonera zitupa sakugwira, ndiye ine ndi Sekou tipite nawo kupolisi. Anauza Lotfi, dalaivala wathu, kuti azipita, ndipo anapitadi. Azakhali a Hadda kunalibe, ali kwa mwana wawo amene wachira kumene. Ndinaiyang'ana loleyo ikuchoka, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anamenya bodi kuti iime. Chimenechi chinandipweteka kuposa dzanjali.

Tinakhala pabenchi tsiku lonse. Dzuwa litapendeka wina anabwera ndi zitupa zathu n'kunena kuti zonse zili bwino, tizipita. Tinabwerera wapansi.

Vuto lenileni ndi ili. Ukudziwa kuti azitona akathyoledwa sayenera kugona m'matumba, amatentha ndipo mafuta ake amawawa. A Haji ali ndi nthawi yawo kuchigayo, ukaiphonya ena amakulowa. Tsiku limenelo makwerero athu anangokhala, gulu linamaliza mochedwa, nthawi ya kuchigayo inadutsa, matumba anagona. Kapitawo wathu Mongi anatiitana awirife. Anati alibe nafe chifukwa, ntchito yathu amaidziwa, koma lole singamachedwe tsiku ndi tsiku kaamba ka anthu awiri. Mwina tipeze njira yathu yofikira kumunda, apo ayi afune anthu ena.

Ndiye tsopano timalawirira, n'kudzera m'khwawa louma lija lodutsa kuseri kwa mphambano, n'kukakumana ndi anzathu kumunda. N'kutali ndithu, ndipo miyala ikutha nsapato. Munthu wachitupa chake m'thumba, wobadwira m'dziko muno, ndikuyenda chowerama m'khwawa ngati ndaba mbuzi.

Amayi usawauze. Ukawerenga kalatayi usaisiye poti Wided aipeze.

Marzoug

28 Disembala

Wokondedwa Salha,

Mtendere kwa iwe ndi onse a pakhomo. Dzanja laphwa, ndikugwira bwino. Ndamva kuti nkhosa yamawanga yaswa awiri. Ndani anali ndi nzeru pakati pa iwe ndi ine? Uwaike m'kati usiku, kukuzizira.

Wandiuza kuti ndingobwerako, barele atidyetsa. Mawu ako ndawamva, koma sindibwera. Ndikachoka pakati pa nyengo, chigubu cha mafuta chimene a Haji amapatsa aliyense pomaliza ndachitaya, ndipo Mongi saitananso munthu wothawa ntchito. Makwerero amenewa ndawakwera kuyambira Wided asanabadwe. Sindiwasiya chifukwa cha chala cha mnyamata amene ndevu sizinamere bwino.

M'khwawa muja munthu umamva zambiri. Tsiku lina Sekou anandifunsa modekha, osandiyang'ana: "Achimwene, chimakupwetekani n'chiyani kwenikweni? Kuti akutsitsani, kapena kuti akuyesani ine?" Ndinayenda nalo funsolo mpaka kumunda, ndipo ndikadali nalo.

Azakhali a Hadda abwerako. Atangokwera m'lole anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti a pamakwerero oyamba ali kuti. Atawauza, akuti amene amawadziwa anayamba kupemphera chamumtima. Gulu lathu lili ndi lamulo lake lakale, lochokera nthawi imene mayi wina anasiyidwa kumunda akupemphera kuseri kwa mtengo: lole siinyamuka phazi la munthu wa m'gulu lili pansi. Azakhali amalisunga lamuloli ngati la m'Buku.

Atafika kumunda anayamba ndi Lotfi. Anamufunsa ngati apolisi anamugwira mwendo n'kuupondetsa moto. Kenaka amuna onse, mmodzimmodzi, dzina ndi dzina la bambo ake. Ridha anayesa kunena kuti lamulo la gulu silingapose la boma, anamuuza kuti adzayankhule akadzaphunzira kuthyola azitona osathyola nthambi. Ndimayesa ine ndapulumuka, koma ndiye anandisungira zonona.

"Iwe Marzoug, bambo wa ana awiri, ukuyenda m'khwawa ngati nkhandwe? Ukuwauza kuti akunena zoona. Ukwera lole, ndipo ukhala pambali panga."

Mongi ananena pamaso pa onse kuti lole ikangochedwanso chifukwa cha awirife, ntchito yathu yathera pomwepo. Azakhali anangouza amayi a m'gulu kuti kuyambira tsopano mbaula ndi ketulo zisamaikidwe pansi pa matumba, zizikhala pafupi ndi khomo.

Mvula yatiimitsa masiku angapo, mitengo yanyowa. Kukangouma tikwera. Mantha ndili nawo, Salha, chifukwa sindikudziwa chimene mayiyu akuganiza, ndipo ntchito imene ili pachiswe ndi yanga, osati yawo. Undipempherere Lachisanu.

Mwamuna wako,
Marzoug

6 Januwale

Salha wanga wokondedwa,

Moni, moni kwa onse. Ndili bwino kwambiri. Khala pansi, ana uwaitane, iyi uwerenge mokweza. Amayinso amve, ndi za m'khwawa zomwe uwauze tsopano.

Lolemba kunacha kozizira, nkhungu ili mbuu. Tinakwera tonse, ine pambali pa azakhali a Hadda, Sekou pambali panga. Pamphambano anatiimitsa monga mwa masiku onse, mnyamata yemwe uja, chala chomwe chija. Nditati ndidzuke, azakhali anandikoka jekete n'kunena kuti akulu ndiwo amatsogola. Anatsika chambuyo, pang'onopang'ono, kudandaula mawondo. Amayi onse anawatsatira, kenaka amuna, ena mokondwa, ena chifukwa choopa kutsala okha m'mwamba. Ridha anatsika womaliza.

Wapolisi uja anati amayi akwere, sakufuna iwo. Azakhali anamuyankha kuti, "Mwana wanga, gulu lathu silitsika theka. Wayamba kufunsa zitupa, funsa. Yamba ndi ine."

Anatambasula dzanja monyinyirika.

"Ndilibe," anatero azakhali. "Chili kwathu m'bokosi, pansi pa mabulangete. Chilandirireni sanandifunsepo munthu."

Anafunsa wotsatira, analibe. Wina, analibe. Ridha anapisa m'matumba onse, mpaka m'sokosi, nkhope itafiira. Munthu uja amati wopanda chobisa amangotulutsa chitupa, chake sakumbukanso kumene anachiika. Salha, m'lole yonse ija, kupatula dalaivala, anthu amene tinali ndi mapepala tinali awiri, ine ndi Sekou.

Azakhali anati popeza opanda zitupa amapita nawo kupolisi, aitanitse galimoto yokwana onse, iwo adikira. Amayi anayala malona m'mbali mwa msewu, anakhala pansi, anafunda mashawelo kumutu chifukwa cha kuzizira, n'kukoleza mbaula.

Zimene zinatsatira ngakhale azakhali sanaziganize. Ukuwadziwa anthu athu. Akaona amayi atakhala pansi m'mbali mwa msewu nthawi ya ntchito, atafunda kumutu, apolisi ataima chapafupi, amadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti pagwa maliro. Ndipo ndani angadutse pamaliro osatsika? Lole ya gulu lina inaima, anthu anatsika manja ali pachifuwa, kudzapepesa. Gogo wina anakumbatira azakhali akulira ndi misozi yeniyeni, atamaliza ndiye n'kufunsa kuti watisiya ndani. Ya pambuyo pake inaima chifukwa yoyamba yaima. Mkulu wina anayamba kutsogolera pemphero. Posakhalitsa msewu wonse unatsekeka, malole a anthu, malole a matumba, ngolo za abulu, ndipo mbiri inafika kutauni yakuti lole ya a Haji Moncef yagubuduzika.

Anthu atauzidwa zoona, ena anaseka, ena anatukwana n'kubwerera m'malole mwawo. Koma ambiri sanachoke, chifukwa pafupifupi gulu lililonse lili ndi munthu wake wakuda amene amatsitsidwa m'mawa uliwonse. Anatulutsa malona awo, mbaula zawo. Tiyi anayamba kuzungulira. Azakhali anatumiza katambula kwa wapolisi uja. Anakana, koma kukana tiyi wa munthu wamkulu pagulu ngati lija sikutheka, ndiye anamwa ataima, maso ali pansi.

Mongi anandipeza n'kundiuza pansipansi kuti ntchito yanga ndi ya Sekou yatha. Ndinaganiza za iwe, za chigubu cha mafuta, za ulendo wobwera kwathu thumba lili pepuu. Ndinakhala pansi palona.

Apo ndi pamene a Haji anatulukira wapansi, galimoto ataisiya kutali, atavala masilipasi a m'nyumba, akupuma mwawefuwefu. Anafunsa kuti wamwalira ndani.

"Palibe, Haji," anatero azakhali. "Tikungodikira kuti atimange. Mumwa tiyi?"

Mkulu wa apolisi anafika pambuyo pawo, bambo wa imvi. Ndinene zoona, sanayankhule mwachipongwe. Anati anthu akumira m'nyanja, mitembo ina anaivuula ndi manja ake, ana omwe. Anati ali ndi anyamata ochepa, sangafufuze aliyense, ndiye amayang'ana kumene akuganiza kuti apeza. Ena anagwedeza mitu kuvomereza, ndipo ine ndemwe za mitembozo zinandikhudza. Koma ndinapezeka ndaimirira, chitupa chili m'manja, mawu akutuluka okha.

"Bwana, chitupa ichi anyamata anu achiona m'mawa uliwonse umene ndadutsa pano kuyambira Novembala. Chimasintha ndi chiyani usiku? Ngati mukufuna zitupa, funsani tonse. Ngati mukufuna khungu, nenani pompano, anthu onsewa amve."

Mkulu uja anayang'ana ine, anayang'ana amayi opanda zitupa ali mbwee palona, anayang'ana mzere wa malole wosaoneka pothera. Anangoti aliyense akwere, tipite kuntchito.

Azakhali sanadzuke. Anati amva kuti awiri achotsedwa ntchito, ndiye gulu lonse lilibe kopita. A Haji anatembenukira kwa Mongi n'kumufunsa ngati akufuna kuti iwo, ndi mimba yawoyo, akwere okha makwerero. Anati palibe wochotsedwa. Amayi analulutira nthungululu mpaka abulu anadzidzimuka.

Tinafika kumunda dzuwa litakwera, koma tinathyola ngati amisala, ndipo nthawi ya kuchigayo tinaipeza. Ndikulemba mikono ikuwawa, koma mtima wanga sunapepukepo chonchi chibwerereni kuno.

Wako wosangalala,
Marzoug

21 Januwale

Salha,

Mtendere ukhale nanu. Ndili bwino, chimfine chokha. Ndaseka kumva kuti amayi akufuna kuti azakhali a Hadda adzawachezere. Awiriwo akadzakhala pamkeka umodzi, ife tonse tidzasamuke. Ndapatsira Fethi ndalama ndi nsapato za Nizar. Ngati zakula, aziike nsanza kutsogolo, akula nazo.

Usaganize kuti zinathera pa tsiku lija. Masiku angapo sanatiimitse. Kenaka m'mawa wina anatiimitsa, wapolisi wina wachikulire, womwetulira. Anandilonjera ndi dzina, n'kunena kuti, "A Marzoug, inu khalani, tikukudziwani tsopano, ndinu wathu." Chala chake chinapita pa Sekou yekha.

Mawu amenewo ndi amene ndakhala ndikuwafuna kuyambira Novembala, ndipo anakoma, sindinama. Azakhali sanandikoke jekete ulendo uno, anangoyang'ana kumbali ngati sakumva. Sekou anadzuka osayang'ana munthu. Ndinakumbuka funso lake la m'khwawa lija, ndipo yankho ndinalipeza m'miyendo. Ndinatsika naye limodzi.

Wachitatu kutsika anali Ridha, chitupa chatsopano chili m'mwamba, akukalipa kuti wavutikira pamzere tsiku lathunthu kuti achipeze, ndiye wina achione basi. Ena onse anatsatira. Wapolisi uja atangoona mbaula ikudutsa m'manja kupita pansi, kumwetulira kunatha. Anayang'ana mapepala a Sekou mwachangu, anayang'ana anga, a Ridha, ndi a ena onse amene anawatambasula, n'kutiuza kuti tizipita makala asanayake.

Tamva kuti eni minda ndi eni chigayo anakakhala pansi ndi mkulu wa apolisi uja. Zimene anakambirana sindikudziwa, ndikudziwa zimene ndikuona. Tsopano malole ambiri amangodutsa. Akaimitsa imodzi, amafunsa aliyense kuyambira dalaivala mpaka gogo wa kumbuyo. Amayi onse akuyenda ndi zitupa zawo zomangidwa pampango, ndipo akudandaula kuti zithunzi zake n'zoipa.

Mkangano sunathe ayi. Kumalo omwera khofi ena akuti tafooketsa apolisi, ena akuti tawaphunzitsa ntchito. Ridha akadali kunena kuti mkulu wake ali ndi mfundo, koma tsopano amawonjezera kuti mfundoyo aziifunsa kwa aliyense. Kwa Ridha, umenewo ndi ulendo wautali.

Ndine wako,
Marzoug

16 Febuluwale

Wokondedwa Salha,

Moni womaliza wa papepala, wotsatira ndidzapereka pamaso. Ndili bwino, ndipo ndikhulupirira nanunso muli bwino. Mtengo womaliza tinaupesa Lachinayi. A Haji anapha nkhosa, tinadya nyamayo ndi kusikusi wa tirigu kumunda komweko, ndipo aliyense walandira chigubu chake cha mafuta. Anga ndawalawa, ndi obiriwira, amaluma pakhosi mmene umakondera muja. Utsuke mtsuko waukulu uja, uuyanike bwino.

Mongi anabwera yekha kudzatiuza kuti chaka chamawa makwerero oyamba ndi a ine ndi Sekou. Ananena akuyang'ana nsapato zake, koma ananena. Sekou ndamuitana kuti adzadye nafe chikondwerero cha nsembe. Wavomera, ndiye amayi uwachenjeze kuti asadzamufunse za ukwati tsiku loyamba lomwelo.

Pali kanthu kamodzi kamene ndikufuna udziwe, mwina useka. Nyengo yonse ino, ngakhale zinthu zitasintha, lole ikayandikira pamphambano paja dzanja langa limapita lokha m'thumba kukagwira chitupa. Lachinayi m'mawa ndinali wotopa, ndinatsamira matumba opanda kanthu n'kutseka maso pang'ono. Wondidzutsa anali Sekou, akundigwedeza phewa kuti tafika kumunda. Ndinamufunsa kuti nanga apolisi lero kulibe? Anati alipo, tawadutsa kalekale.

Ndinadutsa pamphambano paja ndili mtulo, Salha, kukamwa kuli yasa, ngati munthu wina aliyense. Azakhali akuti ndimachita nkonono, ndipo analetsa anthu kundidzutsa.

Ndifika Lamlungu masana ndi Fethi. Nizar adzandichingamire pamsewu ndi wilibala, chigubu n'cholemera.

Mwamuna wako amene akubwera,
Marzoug